Munthu Wosadya Malo pa Disiki

Anafika Lachiwiri, dzuwa lisanafike paliwombo. Sindinamuone akubwera. Ndinali nditawerama kupukuta fumbi pa laputopu, ndipo nditadzutsa mutu ndinangoona munthu ataima kale pakhomo, atafumbata kanthu kokulunga mu jumbo yakuda.

"Asalamu alaikumu."

"Wa alaikumu salamu," ndinayankha. Ine ndinakulira m'tchalitchi, koma kuno ku Senga Bay moni ameneyu amayankha aliyense. "Lowani, achimwene. Nyimbo kapena filimu?"

Anaika jumbo ija patebulo mosamala ngati muli mazira, n'kukhala pa benchi ya makasitomala. Anali mnyamata wa msinkhu wanga, wamtali, manja ake ong'aluka ndi zingwe ngati a msodzi aliyense. Malaya ake anali a mizeremizere, a kolala yaikulu, amtundu umene masiku ano sungaupeze ngakhale pa kaunjika. Ndisabise, anali wooneka bwino. Koma sindinachite naye manyazi monga ndimachitira ndi anyamata ooneka bwino. Ndinangomva kuzizira kumsana, ngati ndamva nyimbo imene ndikuidziwa koma sindikukumbuka komwe ndinaimvera.

Kashopu kanga ndi kachipinda kamodzi, koyandikana ndi kometera kwa ankolo Jameson. Ndimaika nyimbo m'mamemore khadi, ndimajambula maukwati, koma ntchito imene ndimaikonda ndi ya matepi akale. Ndili ndi deki ya vidiyo yomwe loji ina inataya, ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, kokhala ndi zingwe zitatu, chachikasu, choyera ndi chofiira. Kabokosi kameneka timakatchula kuti kapicha. Kamamwa zithunzi zotuluka mu deki n'kuzilavulira mu laputopu. Anthu amabwera ndi maukwati a makolo awo, ndipo ndimaona akufa akuvina.

Ndinamasula jumbo ija. Munali tepi ya maola atatu, yonunkha ndere. M'ngodya zake munali mchenga wonyowa. Pa kapepala kake kachikasu panalembedwa ndi bolopeni: KUTSEGULA MBENJI, EPULO 2001.

Ndinakhala pansi.

Bambo anga sindinawaonepo. Palibe chithunzi, palibe manda, palibe ngakhale dzina. Anali msodzi wochokera cha ku Nkhotakota amene anakhala kuno nyengo ziwiri zokha. Abale a mayi ku Maganga sanawafune chifukwa cha chipembedzo, ndipo anzawo a pagombe anabalalika kalekale. Chimene anandisiyira ndi dzina langali, Karima, limene analisankha ndisanabadwe. Mayi anga, a Pauline, anandiuza nkhani yawo kamodzi kokha, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, tikusenda chinangwa.

"Tsiku lotsegula usodzi pachilumba cha Mbenji ndinawaperekeza," anatero, maso ali pa mpeni. "Akazi sitiponda pachilumba paja, timathera pamchenga. Iwo anali atalowa kale m'madzi, akudikira kukwera bwato, iwe n'kundigunda m'mimba koyamba. Chimwemwe chinandipusitsa. Ndinawaitana ndi dzina lawo lenileni, pagulu, ngati mwana wosalangizidwa. Kwathu munthu amene wayamba ulendo wa panyanja saitanidwa kumbuyo. Anacheuka. Nyengo itatha anzawo anabwerako, iwo ayi. Dzina limenelo ndinalitchula komaliza tsiku lomwelo, ndipo usadzandifunsenso."

Chaka chake chinali 2001. Ngati panali penapake padziko pano pamene nkhope ya bambo anga inatsala, panali mu tepi imeneyi.

"Mwaitenga kuti?" ndinafunsa.

"Inali m'madzi."

"Ndikuikireni pati? Muli ndi fulashi?"

"Tiona ikatha."

Ndinatenga kapepala komata. Tepi iliyonse yolowa muno ndimailemba dzina la mwini wake. "Dzina lanu, achimwene?"

Anayang'ana kukhoma kanthawi. "Lembani kuti Robert."

Nthawi yomweyo ankolo Jameson anasuzumira pakhomo, chisa chili kukhutu. Iwowa ndi a ku Lilongwe, anabwera kuno zaka zisanu zapitazo, ndipo mlendo sadutsa asanamuone tsitsi.

"Bwana wa mafilimu, wapeza kasitomala? Ine kuyambira m'mawa ndameta ntchentche zokha." Anamuyang'ana mlendo uja kuyambira kumapazi. "Zikomo, akulu. Ndamva salamu pakhoma pano, kenako ndamva Robert. Robert wa ku mzikiti uti ameneyu?"

Mlendo anamwetulira pang'ono. Pakati pa mano ake akutsogolo panali mpata.

"Komanso kametedwe kameneko, akulu, kanatha ndi mawailesi a makaseti. Mukamaliza apa mudutse kwanga ndikubwezereni m'dziko la anthu."

"Ankolo, musandithamangitsire kasitomala. Ndibwerekeni sipiriti."

Anabweretsa kabotolo ka sipiriti wopukutira makina awo. Ndinakweza kachitseko ka tepi ija kuti ndione riboni. Chuku choyera chinali chitayanga ponseponse. Nditakhudza m'mphepete ndi thonje, chikuda chake chinatsalira pa thonjepo ngati mwaye.

"Tepi iyi iyenda kamodzi kokha," ndinamuuza. "Ikamadutsa pamutu wa deki, chikuda chimene chimasunga zithunzi chizisupuka. Zodutsa zadutsa. Sindingaiimike panjira, idukira momo. Ndiye tiyenera kuijambula bwino ulendo umodzi. Bwerani Loweruka."

"Ndili ndi lero lokha."

"Achimwene, laputopu yadzaza. Muli ukwati wa a Lawson ndi Triza, adzautenga Loweruka, sindingaufufute. Disiki yanga yapadera inafa mwezi watha. Ndikati ndikagule fulashi ku tauni, kupita ndi kubwera..."

"Mphepo ikayamba ndikhala nditapita," anatero.

Ndinayang'ana panja. Kupyola denga la msika nyanja inali itagona ngati lata, yopanda khwinya ngakhale limodzi. Asodzi sakonda bata lotere.

Ndinayamba kusesa laputopu. Ndinafufuta mafilimu onse a ku Nigeria, ndi nyimbo zimene ndikanazipezanso kwa anzanga. Nditamaliza, malo otsala anali mamegabaiti 700, osakwana ngakhale gigi imodzi. Tepi yotere, ukaijambula osachepetsa kanthu, ola limodzi limadya magigi khumi ndi atatu. Ngakhale ukachepetsa mwaulemu, mmene ndimachitira ndi maukwati, maola atatu amafuna magigi asanu kapena asanu ndi limodzi.

Panali foda imodzi yotsala, ya chibwenzi changa Elliot. Elliot anali woperekera zakudya pa loji ina kuno, ndipo zaka ziwiri zapitazo anapita ku Joni. Chaka choyamba ankanditumizira mavidiyo sabata iliyonse: akuphika, akuimba molakwitsa, akundionetsa nyanja ya kumeneko imene amati ndi yozizira ngati mtima wa apongozi. Foni yanga inabedwa mu minibasi, choncho mavidiyowo anatsala mu laputopu mokha. Miyezi itatu tsopano sanalembe. M'mawa uliwonse ndisanatsegule shopu ndimaonerako imodzi. Foda imeneyo inali magigi anayi ndi theka.

Ndinaisankha. Chala changa chinali pa batani.

"Musafufute za amoyo."

Sanali kuyang'ana pa sikirini. Kuchokera pomwe anakhalapo sakanatha n'komwe kuiona.

"Simukumvetsa," ndinatero. "Ndikaipanikiza kuti ikwane pa malo otsalawa, nkhope zonse zisanduka timabokosi. Kompyuta ndi yaulesi, achimwene. Silemba chithunzi chilichonse mwatsopano. Imalemba chimodzi, kenako imangolemba zomwe zasintha. Ndiye madzi sasiya kusintha. Ndajambulapo maukwati a pagombe, ndikudziwa. Nyanja imadya malo onse, mkwatibwi n'kutsala ngati khoma la njerwa."

"Chepetsani basi. Amene mukumufunayo sadya malo."

Sindinamuuze kuti ndikufuna munthu. Sindinamuuze chilichonse.

Kunja kunadutsa wa kabaza akuimba belu. Kwa ankolo Jameson makina ometera anayamba kulira, n'kusiya. Ndinakhala ndikuyang'ana dzina la Elliot pa sikirini. Nzeru zonse za ntchito yanga zinkandiuza kuti ndifufute, pakuti mavidiyo a mwamuna amene wasiya kulemba sangafanane ndi nkhope ya bambo wondibala. Ndikanalakwitsa apa, panalibe ulendo wachiwiri. Koma mlendoyo anayankhula ngati munthu amene akukuuza poponda pamene mukuwoloka mtsinje umene iye amaudziwa.

Ndinachotsa chala.

Ndinatsegula poikira miyezo, ndipo ndinayamba kusenga. Saizi ya chithunzi ndinaitsitsa kuchoka pa ya kanema wamasiku ano kufika pa ya tepi yeniyeni, chifukwa kujambula tepi yakale pa saizi yaikulu kuli ngati kusunga kapu imodzi ya madzi mu mgolo. Kenako ndinaidulanso pakati. Ndinachotsa m'mphepete mwakuda ndi kamzere kothwanima ka pansi, kamene kamadya malo popanda chomwe kakuonetsa. Zithunzi za pa sekondi ndinazitsitsa kuchoka pa makumi asanu kufika pa makumi awiri ndi zisanu. Pomaliza panatsala bitireti, nambala imene imauza kompyuta kuchuluka kwa zomwe isunge pa sekondi iliyonse. Pa maukwati ndimaika 4000. Ndinalemba 450, ndipo ndinachita manyazi ngati ndikupatsa mlendo madzi m'chivindikiro cha botolo.

"Mawu mudule," anatero.

"Mawu?"

"Ndi osafunika. Dulani."

Mwa ntchito, anali kunena zoona. Mawu a maola atatu, ngakhale opanikizidwa kwambiri, akanadya mamegabaiti oposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo tinali kale pamphepete. Koma aka kanali koyamba kumva mantha m'mawu ake.

"Chabwino," ndinatero, n'kuzula chingwe cha masipika kuti aone.

Mawu sindinadule. Ndinawasiya a mbali imodzi, opyapyala ngati a pa foni. Kahedifoni kamodzi ndinakadutsitsa pansi pa duku n'kukaika m'khutu la kumbali ya khoma. Kuyambira ndili mwana ndimadziwa kuti chimene akulu akuti n'chosafunika ndi chimene chabisa nkhani.

Ndinapukuta mutu wa deki ndi sipiriti, ndinalowetsa tepi, n'kudina kujambula. Deki inakhosomola, inameza, ndipo riboni inayamba kuyenda ikulira ngati mbewa.

Poyamba panali madontho akuda ndi oyera okhaokha. Kenako gombe linatuluka.

Zinali zoipa kuposa mmene ndinkaopera. Wojambula ankayenda ndi kamera m'manja, akutembenukira uku ndi uku, ndipo chilichonse chinali timabokosi. Anthu anali zigamba za mitundu zosambira pa sikirini. Ndinkatha kudziwa kuti apa pali mbendera, apa amayi akuvina, apa akuluakulu akhala pa mipando, koma nkhope panalibe. Munthu akayandikira kamera pankaoneka mabowo awiri akuda ndi chibanthu cha pakamwa, n'kusungunukanso. M'khutu langa ng'oma zinkalira ngati zili pansi pa chitsime.

Mwina bambo anga anadutsa kale pamenepo. Mwina anali chigamba chobiriwira chija, kapena choyera chija. Riboni imene inawanyamula inali itasupuka kale, ndipo ine ndinali nditawasinthanitsa ndi Elliot akukazinga mazira.

Ola loyamba linatha. Mamegabaiti otsala: 460.

Ankolo Jameson anabwera ndi mandasi awiri papepala. Anayang'ana pa sikirini n'kuseka. "Iwe Karima, ukujambula filimu kapena ukuumba njerwa? Zimenezi ungamangire bafa." Anatembenukira kwa mlendo. "A Robert, timandasi? N'ta lero, osati tija ta dzana."

Mlendo sanatembenuke. Ndi pamene ndinazindikira kuti chikhalireni pa benchi paja sanasunthe. Manja anali pa mawondo pomwe anawaika. Ntchentche inatera pa chala chake, inayenda mpaka pa mkono, iye osaigwedeza. Sindinamuone akuphethira.

Ankolo Jameson anandikodola ndi mutu, tinaima pakhomo. Ananong'ona: "Kasitomala wakoyu wanyowetsa pansi. Taona pansi pa benchi."

Panali kadziwe kakang'ono, kozungulira mapazi ake.

"Ndi msodzi, ankolo. Wachokera kumadzi."

"Ndi dzuwa limeneli, ola lathunthu osauma? Komanso tayang'ana kalendala yako."

Kukhoma kumene mlendo anayang'ana ndisanalembe dzina kunali kalendala imene anandipatsa wogulitsa simenti. Pansi pake panalembedwa ndi zilembo zofiira kuti Robert ndi Ana Ake.

"Ine ndili pafupi," anatero ankolo Jameson, osasekanso. "Ukangogogoda khoma, ndibwera ndi lezala."

Ola lachiwiri linali la malankhulidwe. Akuluakulu ankaimirira mmodzimmodzi kukumbutsa asodzi malamulo a pachilumba. Kumbuyo kwawo nyanja inkanyezimira, ndipo ndinkaona nambala ya malo otsala ikutsika msanga nthawi zonse madzi akalowa m'chithunzi. 300. 240. Kamera ikaloza mchenga, nambala inkapuma. Ikabwerera ku madzi, inkathamanganso. Ndinawerengera m'mutu ndipo ndinaona kuti tikhoza kuperewera ndi mphindi zingapo, mphindi zomwe mawu aja anali kudya. Disiki ikadzaza kujambula kuli mkati, fayilo yonse imatha kufa.

Ndikanatha kutsegula foda ya Elliot n'kuifufuta pomwepo. Dzanja langa linapita kawiri. Koma laputopu yanga ndi yokalamba, ukaipatsa ntchito ziwiri imaima n'kudumpha zithunzi, ndipo ndinkaopa kuti idumpha pamene pali iwo.

Mu shopu munkanunkha ndere kwambiri tsopano. Deki inkatentha. Pa kakhomo kake panayamba kutuluka fumbi lakuda.

"Munalipo tsiku limeneli?" ndinafunsa, osamuyang'ana. Linali funso lopusa kwa munthu wa msinkhu wanga.

"Kunali bata ngati lero," anayankha.

Sindinafunsenso.

Ola lachitatu lili kumapeto, mamegabaiti atatsala 31, mabwato anayamba kunyamuka. Chithunzi chinagwedezeka kwambiri, thambo, mapazi, madzi, thambo. Wojambula anali kukwera bwato lalikulu lomwe linatsamira pa mchenga wa m'madzi, patsogolo pa ena onse. Kenako anaikhazika kamera pa thabwa, italoza kumtunda, n'kuisiya. Kwa nthawi yoyamba chithunzi chinaima.

Asodzi ankathamanga m'madzi, akukankha mabwato, akuponyerana mitolo. Onsewo anali timabokosi. Madzi anali timabokosi. Kutali pamchenga amayi anali mzere wa mitundu yogwedezeka. Koma pakati pa chithunzi panali chigamba chimodzi chimene sichinkasuntha. Munthu anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, dzanja lili pa mphuno ya bwato, akuyang'ana kutsogolo, kumene kuli chilumba.

Ndiye chinachitika chinthu chimene ndinkachidziwa zaka zonsezi koma sindinachiganizirepo. Kompyuta imalemba zosintha zokha. Chimene sichikusintha sichiidyera malo, ndipo kanthu kalikonse kotsala imakagwiritsa ntchito kukonza chomwe chaimacho. Sekondi iliyonse chigamba chija chinkayera. Timabokosi tinagawika kukhala ting'onoting'ono, kenako tinatha. Panatuluka mapewa. Panatuluka malaya a mizeremizere, a kolala yaikulu. Dziko lonse lomuzungulira linali kusungunuka, iye yekha akutuluka ngati mwala madzi akamaphwa.

Mphumi. Maso. Anamwetulira pang'ono, ndipo ndinaona mpata pakati pa mano akutsogolo.

Lilime langa linapita lokha pa mpata wa mano anga.

Sindinatembenuke. Ndinkamva kuzizira kochokera pa benchi kukundikhudza pa mkono. Ndinayang'anitsitsa nkhope ya pa sikirini, ndikuimeza, khutu lililonse, kachipsera ka pa chibwano, mmene nsidze ya kumanzere inakwerera kuposa inzake. Anaima choncho mphindi pafupifupi zitatu. Mamegabaiti 14. 11.

Kenako m'khutu langa, pansi pa duku, pamwamba pa phokoso la ma injini, panamveka mawu a mkazi ochokera kutali. Anali mawu a mtsikana, okwera, osweka ndi chimwemwe, koma ndinawadziwa. Ndi mawu amene ankandiitana kuchokera ku dimba ubwana wanga wonse. Anaitana dzina kawiri. Kenako: "Wagunda! Mwana wagunda!"

Munthu wa pa sikirini anacheuka.

Atangosuntha mutu, nkhope inasweka. Maso anasanduka mabokosi awiri, malaya anasakanikirana ndi madzi, ndipo sindinathenso kumusiyanitsa ndi nyanja. Mkati mwa deki munamveka kuti thaa, riboni yaduka. Sikirini inasanduka yabuluu. Ndinadina kuimitsa. Mamegabaiti otsala anali 3.

Mu shopu munali zii. Kunja pepala linagubuduzika pa msewu, kenako lina. Malata a msika anayamba kulira.

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Anali pompo, manja pa mawondo. Koma tsopano ankandiyang'ana, ndipo maso ake anali pa duku langa, pomwe kachingwe kanatulukira pakhosi.

"Simunadule," anatero.

"Ayi."

Sanakwiye. Ankaoneka ngati munthu wotopa amene wauzidwa kuti basi yafika.

"Kumva n'kwa amayi anu kumeneko," anatero. "Iwonso ukawauza kuti ayi, ndiye wawatuma." Anayang'ana manja anga, tsitsi lotuluka m'duku, shopu yonse, pang'onopang'ono, mmene ine ndinayang'anira sikirini ija. "Ali bwino?"

"Ali bwino. Amalima mpunga ku Maganga. Sanakwatiwenso."

"Mukawauze kuti sikunali kuitana kwawo. Inali mphepo, patapita masabata atatu. Ndinapita ndikudziwa kuti mwana wagunda. Ndani akanandiuza, akanapanda kuitana?"

Ndinachotsa kahedifoni m'khutu.

"Koma inu musaitane," anatero akuimirira. Madzi anadontha kuchokera m'mphepete mwa buluku. "Ndikacheuka kawiri sindingapitenso, ndipo kuno si kwanga. Zikhala zoipa kwa nonse."

"Fayilo ija," ndinatero, chifukwa ndinalibe china chomugwira nacho. "Ndikuikireni pati?"

"Si yanga, Karima."

Pa chikwangwani cha shopu yanga palibe dzina langa, koma ankolo Jameson anali atalitchula kale. Chimene sanamve kwa ankolo Jameson ndi katchulidwe kake. Analitchula pang'onopang'ono, akukoka pakati, ngati munthu amene akuyesa chovala chimene anagula kalekale n'kuchisunga.

Anatuluka. Ndinaima pakhomo. Mphepo inali itayamba, nyanja itachita mdima wobiriwira, mafunde oyera akuthamangira kumtunda, ngakhale dzuwa linali likadali pamwamba. Anayenda pakati pa msewu wopita kugombe, osafulumira. Amayi ogulitsa tomato ankathamangitsa mapepala awo, ana ankakuwa, chilichonse chinkauluka, iye yekha ankayenda mowongoka.

Dzina linali pa lilime langa. Linali lotentha, latsopano, ndipo linkafuna kutuluka. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndinalifunafuna m'maso mwa mayi, m'mabuku a tchalitchi, m'kamwa mwa nkhalamba za pagombe. Kunali kungotsegula pakamwa. Akanacheuka, ndipo ndikanaonanso nkhope ija kunja kwa sikirini. Ndinamvetsa mayi anga tsiku limenelo kuposa masiku onse.

Ankolo Jameson anatuluka, chisa chili m'manja. "A Robert! Tsitsi lija bwanji? A Robert!"

Sanacheuke.

"A Robert, inu! Ndikumetani ulere!" Anandiyang'ana. "Ndi wogontha kodi? Iwe, ukulira chiyani? Wakulipira?"

Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi. Munthu uja anadutsa pa mathandala oyanikira usipa, anatsika pamchenga, ndipo fumbi limene mphepo inanyamula linatseka njira. Litadutsa, panali mabwato okha akugundana.

Ndinabwerera mkati. Kadziwe ka pansi pa benchi kanali kakuuma kuchokera m'mphepete. Pa tepi yakufa ija kapepala konena kuti Robert kanali katamatuka, ndipo ndinakataya. Foda ya Elliot inali pomwe inali. Ukwati wa a Lawson unali pomwe unali. Pakati pa sikirini panali kabokosi kodikira, kakufunsa kuti fayilo yatsopanoyi, ya mamegabaiti 697, isungidwe pa dzina lanji.

Mawa lake ndinali woti ndikwera njinga kupita ku Maganga, laputopu ili kumsana, ndi uthenga wa mayi. Koma choyamba fayilo inafunika dzina, ndipo palibe amene ananena kuti kulemba n'kuitana.

Ndinatseka pakamwa ndi dzanja lamanzere, kuopa kuti lingatuluke lokha. Ndi chala chimodzi cha kumanja ndinalemba, chilembo chimodzichimodzi:

Hashim.